Madoketi 100 Pa Mutu Wa Wapolisi Mmodzi: Za Kuchepa Kwa Ofufuza Milandu Ku Khayelitsha

Ndikudziwa kuti pakati panu pano alipo ena amene munayamba kulowa m'mapolisi a maiko a eni ine ndisanabadwe, choncho mundipirire ngati zina zimene ndinene mukuzidziwa kale.

Nkhani yanga ndi ya wapolisi amene sitimuona kawiri-kawiri. Savala yunifolomu ndipo saima pa rodibuloko. Kuno kwathu timangoti wa CID. Ntchito yake imayamba pamene anzake a yunifolomu anyamula mtembo ndi kubalalitsa anthu. Iyeyu ndiye amafunsa mboni, kutolera umboni, kutumiza magazi kapena chipolopolo kwa akatswiri, kusaka woganiziridwa, ndi kuonetsetsa kuti fayilo ya mlandu, imene apolisi amaitcha doketi, yafika kukhoti pa tsiku lake. Funso langa ndi ili: kodi mzinda umafunika anthu otere angati, ndipo akachepa chimachitika nchiyani?

Ndasankha malo amodzi, Khayelitsha, ku South Africa. Zifukwa ndi ziwiri. Kumeneko nkhaniyi inafufuzidwa poyera, akulu-akulu a polisi nalankhula atalumbira. Komanso m'malokeshoni a Cape Town muli abale athu ambiri amene anapita kukasaka maganyu, ndipo akaberedwa kapena kubayidwa, polisi imene amathamangirako ndi yomweyi.

Khayelitsha ili pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 30 kuchokera pakati pa mzinda wa Cape Town. Boma la tsankho ndilo linaikhazikitsa mu 1983, pa mchenga, kuti anthu akuda azigona kutali ndi azungu koma m'mawa azidzawagwirira ntchito. Kalembera wa 2011 anapezako anthu pafupi-fupi 400,000, ndipo mabanja oposa theka ankakhala m'zisakasa za malata, zija a ku Joni amazitcha mikuku. Pa nthawi imene ndikukambayi kunali mapolisi atatu: Site B, Lingelethu West ndi Harare. Inu amene munakhalako ku Zimbabwe musasokonezeke, Harare ameneyu ndi dera chabe la m'Khayelitsha momwemo. M'zaka za 2011 ndi 2012, madera a mapolisi atatuwa tikawaphatikiza, kunkaphedwa munthu pafupi-fupi mmodzi tsiku lililonse.

Mu Novembala 2011 mabungwe a anthu wamba, monga Social Justice Coalition, Treatment Action Campaign ndi Equal Education, anakadandaula kwa mayi Helen Zille, amene anali nduna yaikulu ya chigawo cha Western Cape, kuti polisi ya ku Khayelitsha yaleka kugwira ntchito yake. Mu Ogasiti 2012 mayiwa anakhazikitsa komishoni yofufuza, naikamo mayi Kate O'Regan, amene anakhalapo jaji wa khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, ndi a Vusi Pikoli, mkulu wakale wa oimira boma pa milandu. Ndale zinalipo, tisabise. Mayi Zille anali a chipani cha DA, pamene polisi inali m'manja mwa boma la ANC, ndipo nduna ya za polisi, a Nathi Mthethwa, anapita kukhoti kuti komishoniyo iletsedwe. Analuza mu Okutobala 2013. Mboni zinayamba kulankhula mu Januwale 2014, lipoti nkutuluka mu Ogasiti chaka chomwecho.

Manambala awiri a m'lipotili muwasunge. Polisi ya Harare inali ndi apolisi 111 pa anthu 100,000 aliwonse. Polisi ya Camps Bay, dera la anthu olemera la m'mphepete mwa nyanja kumene kupha munthu ndi nkhani yosowa, inali ndi 959. Mzinda ndi umodzi, polisi ndi imodzi, nduna ndi imodzi.

Koma kuwerenga apolisi onse pamodzi kumabisa pamene pali chilonda cheni-cheni. Komishoni itayang'ana ofufuza milandu paokha, inapeza kuti ena mwa iwo anali ndi madoketi oposa 100 munthu mmodzi, ndipo mwa iwo munali amene anali asanachite nkomwe maphunziro a ntchito yofufuza. Mkulu wa polisi ya Site B, Brigadier Zithulele Dladla, analifotokoza bwino vutoli. Mfundo yake inali yoti m'mafilimu timaona gulu la ofufuza likukhamukira pa mlandu umodzi, koma ku Khayelitsha ndi gulu la madoketi limene limakhamukira pa wofufuza mmodzi. Amene ananena zimenezi si wotsutsa boma ayi, ndi mwini nyumba.

Tiyeni tichite masamu a ku pulayimale. Tiyerekeze wofufuza ali ndi madoketi 120 ndipo amagwira ntchito maola 40 pa sabata. Doketi iliyonse ikulandira mphindi 20 pa sabata. Mphindi 20 zimenezo ndi ngati munthuyu sadwala, sapita ku maliro, sadya nkhomaliro, sadikira galimoto imene mnzake watuluka nayo, ndipo sakhala tsiku lonse pa benchi ya kukhoti kudikira kuti aitanidwe kukaperekera umboni pa mlandu wa zaka zitatu zapitazo. Ndipo madoketiwo saima pa 120. Loweruka usiku kukaphedwa anthu awiri, Lolemba m'mawa alipo 122. Ndiye inuyo mutakhala wofufuzayo, mungayambire pati? Mudzayambira pa mlandu watsopano, chifukwa bwana akufunsa za umenewo ndipo magazi akadali pansi. Wa mwezi watha ulowa m'kabati. Wa chaka chatha ungotuluka m'kabati tsiku limene mayi wa malemu abwera kudzalira pa kauntala.

Kuonjezera apo, mlandu wa m'mikuku umadya nthawi yambiri kuposa mlandu wa ku mayadi. Ku Camps Bay nyumba ili ndi nambala, msewu uli ndi dzina, pa geti pali kamera. Ku mikuku galimoto imathera pa msewu waukulu, kotsalako nkuyenda pansi m'tinjira toti anthu awiri sangadutsane. Usiku kuli mdima, chifukwa magetsi ataliatali aja kuwala kwake sikufika pakati pa zisakasa, ndipo ena amakhala atafa. Malo amene munthu waphedwera sungawatchinge bwino ndi tepi, popeza ndi pakhomo pa anthu ndipo ndi njira yopitira ku mpopi ndi ku chimbudzi. Pofika m'mawa mapazi a anthu 100 apondapo. Mboni ilibe keyala. Lero ili ku Site C, mwezi wa mawa chisakasa chapsa yasamuka, kapena yabwerera kumudzi ku Eastern Cape, nambala ya foni yasintha. Mboni ikakhala mlendo wopanda mapepala, ngati ena mwa abale athu, ndiye wapolisi sadzaionanso, pakuti kwa iyeyo kupita ku polisi nkudzipereka yekha. Mwa ichi dera limene likufunika ofufuza ambiri pa mlandu uliwonse ndilo linali ndi ochepa.

Zotsatira zake zimakaonekera kukhoti. Komishoni inapeza kuti kawiri-kawiri madoketi sankafika kukhoti pa tsiku la mlandu, kapena ankafika zimene woimira boma analamula kuti zifufuzidwe zisanachitidwe. Majisitireti sangasunge munthu pa rimandi mpaka kale-kale. Aimitsa kamodzi, kawiri, kachitatu, kenaka mlandu auchotsa pa mndandanda, woganiziridwa nkutuluka. Kutuluka kupita kuti? Ku kanjira komweko kumene kumakhala mboni imene inamuloza chala. Mwaonatu pamene vutoli limaberekerana. Mayi amene anaona mwana wa mnzake akubayidwa, nalimba mtima kukanena, pano akukumana ndi wobayayo pa mpopi. Ulendo wina akadzaona zina adzatseka chitseko. Ndipo mboni zikatseka zitseko, mlandu uliwonse umafuna maola ambiri kuposa kale, kwa wofufuza yemwe uja wa mphindi 20.

Mlandu umodzi umene unakwiyitsa anthu kwambiri ndi wa Zoliswa Nkonyana, mtsikana wa zaka 19 amene anaphedwa ndi gulu la anyamata mu Febuluwale 2006 chifukwa ankakondana ndi akazi anzake. Mlanduwu unaimitsidwa maulendo oposa 40. Zifukwa zinali zambiri, zina za maloya a oimbidwa mlandu, zina za boma, ndipo sindikuti zonse zinali za ofufuza. Koma anthu anayi anadzapezeka olakwa mu Okutobala 2011, chilango cha zaka 18 nkuperekedwa mu 2012, patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Umenewu ndi mlandu umene mabungwe ankaulondola, atolankhani nadzaza khoti. Nanga wa munthu amene analibe womuimbira ng'oma?

Nthambi yofufuza milandu yogwiririra ndi ya nkhanza kwa ana nayo inali m'mavuto omwewo. Apa pali mbiri yake. Mu 2006, pamene mkulu wa polisi anali a Jackie Selebi, nthambi zapaderazi zinathetsedwa, akatswiri ake nkumwazidwa m'mapolisi wamba. Zinabwezeretsedwa mu 2010, koma luso silibwerera ndi kalata ya ku likulu. Ya ku Khayelitsha inali yoperewera antchito kwambiri. Dokotala Genine Josias, amene ankayeza amayi ndi ana ogwiriridwa kumeneko, anauza komishoni za mabokosi a umboni wotengedwa m'matupi a ogwiriridwa amene anapezeka atatayidwa pa tchire ku Delft. Bokosi lililonse ndi mayi kapena mwana amene anapirira kuyezedwa pokhulupirira kuti wina alondola nkhani yake.

Tsono anthu akaona kuti polisi imagwira lero nkutulutsa mawa, amachita zimene tonse tikuzidziwa, chifukwa ngakhale m'misika yathu timaziona. Lipoti la apolisi eni ake linawerenga anthu 78 amene anaphedwa ndi magulu a anthu olusa ku Khayelitsha pakati pa Epulo 2011 ndi Juni 2012, ambiri mwa iwo pongoganiziridwa kuti aba. Chimene ambiri sachiona nchakuti imfa iliyonse mwa 78 imeneyi inasanduka doketi yatsopano ya kupha munthu, pa tebulo la wofufuza yemwe uja. Ndipo ndi doketi yovuta kuposa onse: anthu 200 analipo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kanthu.

Nanga zinatheka bwanji kuti Harare ikhale ndi 111, Camps Bay 959? Mbali ina ndi chuma cha masiye cha tsankho. Mu 1994, mapolisi 74 mwa 100 aliwonse a dzikolo anali m'madera a azungu kapena m'malo a malonda. Polisi ya nthawi imeneyo m'malokeshoni inkabwerera mapasi ndi ndale, ndipo mlandu ankaumaliza ndi chibakera mpaka munthu avomere. Inu amene munadutsa m'manja mwa Special Branch, kaya ya dziko liti, mukudziwa kuti boma lotere silisowa anthu ofufuza amene wanena chiyani ku bawa. Limasowa ofufuza amene wapha mwana wa mayi wogulitsa mandasi.

Koma pofika 2012 panali patatha zaka 18, ndipo sitingangoloza m'mbuyo. Polisi yatsopano inali ndi njira yake yowerengera kuti siteshoni iliyonse ikufunika antchito angati, imene ankaitcha THRR. Pa pepala inkaoneka yopanda tsankho: kompyuta imalandira chiwerengero cha anthu, milandu imene yanenedwa, kukula kwa dera ndi zina zambiri, nkutulutsa yankho. Msampha uli pa mawu akuti milandu imene yanenedwa. Wa ku Camps Bay akaberedwa wailesi ya m'galimoto amakanena, chifukwa a inshuwalansi amafuna nambala ya doketi. Wa ku Harare akalandidwa foni ndi mpeni pakhosi nthawi zambiri sapita, chifukwa alibe inshuwalansi ndipo akudziwa kumene doketi yake ikagone. Choncho kompyuta imaona milandu yambiri kwa olemera, nkuwapatsa apolisi ambiri. Imaona yochepa kwa osauka, nkuwapatsa ochepa. Apolisi akachepa anthu amalekeratu kukanena, chaka cha mawa kompyuta nkuonanso yochepa. Katswiri wina amene anaperekera umboni, mayi Jean Redpath, anati poyeza kuopsa kwa dera ndi bwino kuyang'ana chiwerengero cha anthu ophedwa, pakuti mtembo subisika ngati foni yobedwa. Ine ndikugwirizana nawo kwathunthu.

Ndikudziwa kuti wina pano afunsa kuti, kodi kuonjezera ofufuza kumathandizadi, kapena ndi nyimbo ya apolisi yofuna ndalama? Funsoli ndi labwino, ndipo kuti ndiliyankhe mundilole ndichoke ku Cape Town pang'ono ndipite ku America, kumene mzinda uliwonse uli ndi polisi yake-yake ndipo nkhaniyi aiyeza kwa zaka zambiri.

Mu 1975 bungwe la RAND linatulutsa kafukufuku amene anagwedeza mapolisi a kumeneko. Anapeza kuti milandu yambiri imene imatheka, imatheka chifukwa wolakwiridwa kapena mboni yatchula dzina kwa wapolisi woyamba kufika pamalopo, ndipo ndi yochepa kwambiri imene imatheka chifukwa cha luso la ofufuza. Ambiri anamva ngati akuti ofufuza ndi ongodya malipiro, ndipo kwa zaka zambiri maganizo amenewa analamulira. Koma taonani za mzinda wa Boston. Akatswiri a Philip Cook, a Anthony Braga ndi anzawo anatenga milandu ya kuomberana ndi mfuti ya zaka za 2010 mpaka 2014, naigawa pawiri: imene woomberedwa anafa, ndi imene anapulumuka. Milandu imeneyi ndi yofanana m'zonse, kusiyana kwake ndi pamene chipolopolo chinalowera basi. M'masiku awiri oyamba, apolisi anamanga munthu pa milandu 11 mwa 100 iliyonse, mbali zonse ziwiri chimodzi-modzi. Imeneyo ndi ija a RAND ankanena, yoti mboni yatchula dzina pomwepo. Koma pomaliza, milandu ya ophedwa inafika pa 43 mwa 100, pamene ya opulumuka inaima pa 19. Chinasiyanitsa nchiyani? Nthambi yofufuza za kupha inali ndi milandu yochepa pa munthu aliyense, choncho ofufuza ake ankabwereranso kwa mboni kachiwiri, kachitatu, patapita miyezi, kudikira zotsatira za ku labotale ndi kulondola mafoni. Milandu ya opulumuka inkapita kwa ofufuza a m'madera, olemedwa ndi milandu ya mitundu yonse, amene pakatha masiku ochepa ankayenera kuthamangira ina.

Choncho a RAND sananame, koma anaona theka. Mlandu wophweka umatheka ngakhale ofufuza achepe. Mlandu umene umafuna munthu woti abwerenso mawa ndi mkuja, umenewo ndiwo umafa ofufuza akachepa. Nchifukwa chake akatswiri a ku America amalangiza kuti wofufuza za kupha asatsogolere milandu yatsopano yoposa isanu kapena isanu ndi umodzi pa chaka. Pa chaka, akulu-akulu, osati pa sabata. Yerekezani ndi madoketi oposa 100 aja.

Tibwerere ku South Africa. Mungaganize kuti lipoti la 2014 litatuluka zinthu zinasintha. Komishoni inalangiza kuti ofufuza aonjezeredwe msanga m'mapolisi a Harare ndi Site B, kuti kubwere gulu lapadera lochotsa mulu wa madoketi akale, ndi kuti njira ya THRR iunikidwenso. Likulu la polisi silinalandire lipotilo ndi manja awiri. Ndipo m'dziko lonse zinthu zinayenda chobwerera m'mbuyo. Ofufuza milandu anali pafupi-fupi 26,000 cha mu 2016; pofika 2023 anali atatsika kufika pansi pa 18,000. Odziwa ntchito ankapuma kapena kupita ku makampani a chitetezo ndi a inshuwalansi, ndipo wapolisi wa yunifolomu analibe chomukopa kuti asamukire ku ntchito yosenza madoketi usiku ndi usana. Pa nthawi yomweyo anthu ophedwa anakwera kuchoka pa 15,600 kapena pamenepo m'chaka cha 2011/12 kufika pa 27,494 m'chaka cha 2022/23. Mu 2011/12 apolisi ankapeza woganiziridwa pa milandu ya kupha 31 mwa 100 iliyonse. Patatha zaka khumi inali yosakwana 15. Kumeneko nkungopeza woganiziridwa, sitinafike pa kumupeza wolakwa kukhoti.

Ine sindidabwa kuti andale amakonda kulemba apolisi a yunifolomu kuposa ofufuza. Wa yunifolomu amaoneka. Nduna ikhoza kuimika anyamata 1,000 pa bwalo la mpira, a wailesi ya kanema nkujambula, anthu nkuomba m'manja. Wofufuza mmodzi kuti apse amafunika zaka akuyenda pambuyo pa wamkulu, ndipo ntchito yake imadzaoneka kukhoti nduna ija itasinthidwa kale unduna. Choncho mukadzamva mtsogoleri wa dziko lililonse akudzitama kuti walemba apolisi masauzande akuti-akuti, mudzakweze dzanja ndi kufunsa kuti mwa amenewo ofufuza ndi angati, atumizidwa ku mapolisi ati, ndipo aliyense ali ndi madoketi angati m'kabati mwake.

Anthu a ku Khayelitsha anafunsa mafunso amenewa kukhoti. Social Justice Coalition, Equal Education ndi komiti ya chitetezo cha m'dera ya ku Nyanga anasumira nduna ya za polisi, ndipo pa 14 Disembala 2018 khoti loona za kusasiyana pakati pa anthu linagamula kuti kagawidwe ka apolisi m'chigawo cha Western Cape kamasala anthu akuda ndi anthu osauka. Chinali chigamulo chachikulu, chifukwa khoti linavomereza kuti umphawi nawo ndi chifukwa chimene munthu angasalidwire. Koma khotilo linasiya nkhani ya chimene polisi iyenera kuchita kuti idzakambidwe tsiku lina. Mu 2022, patatha zaka zoposa zitatu, mabungwe aja anali akadali m'makhoti kupempha kuti tsiku limenelo lifike.

A Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndilekere pomwepa kuti amene ali ndi mafunso afunse, maka-maka inu amene munakhalako ku Cape Town.